Machenjezo Amene Ndinawabisa

Amayi, kodi kumene muliko mukudzukako bwanji? Kuno ku Thambani tilipo, kungoti kuzizira kwa Juni kwabwera ndi ukali chaka chino. Yakwana miyezi khumi chikuperekezereni kumanda, ndipo nkhani zandidzadza m'kamwa, womuuza palibe. Ndiye ndati ndikulembereni, monga ndinkachitira ndili ku koleji, inu n'kumapita nayo kalata kwa anansi athu a Nachisale kuti akuwerengereni, poti magalasi anu ankasowa nthawi zonse kalata ikafika.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana wanu Mphatso anachira ku Blantyre mu Malichi, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu, Felesiya. Chipumi ndi chanu chenicheni. Akayamba kulira salekeza mpaka chimene akufuna chichitike, koma pamenepo sindinena kuti watengera ndani. Achimwene a Fanuel amaimba kuchokera ku Joni Lamulungu lililonse. Amafunsa ngati denga la khitchini likudonthabe, ine ndimati eya, iwo amati tidzaona, foni n'kudula. Chimanga cha kudimba chinachita bwino, cha kumtunda mbozi zinadyako gawo lawo. Mbuzi yanu ya mawanga ija yabereka ana awiri, ndipo khalidwe lake lolowa m'munda mwa eni silinasinthe.

Manachesi abereka mpaka nthambi ziwiri za mtengo wa kuseri kwa bafa zathyoka. Mavenda ayamba kale kubwera ndi mapikapu. Pamphasa posankhira paja tsopano ndimakhalapo ndekha, ndipo ntchito imene tinkaimaliza dzuwa lisanafike pamutu imanditengera tsiku lonse.

Koma chimene chandisowetsa mtendere miyezi iwiri yapitayi ndi cha kuntchito. Mukukumbukira makompyuta khumi ndi awiri aja amene anthu akufuna kwabwino anapereka kusekondale kwathu, inu n'kumati ntchito yanga ndi yoyang'anitsitsa galasi. Ndi okalamba, Amayi, anabwera atagwira kale ntchito kwina. Chaka chino anayamba kuuma pakati pa phunziro. Mwana walemba tsamba lonse, kompyuta yangoti gwa, zonse zatayika. Mu Meyi a hedi anandiitana kuofesi n'kundiuza kuti zikakhala chomwechi mpaka tsiku lotsekera mu Julayi, alembera kuboma kuti phunziroli lichotsedwe pasukulu pathu. Anati, “Madamu, sikuti ndikukuthamangitsani ayi. Koma mphunzitsi wa makompyuta wopanda makompyuta, akuluakulu samusiya pamalo.” Sanalakwe. Akachotsa phunzirolo anditumiza kusukulu ina, mwina boma lina, ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake. Nyumba yanu itsekedwa ndi loko, mitengo isowa woidulira, manda anu azisesa ndi anthu ongomva chisoni. Mwa ana anu atatu, wotsala pakhomo ndine ndekha.

Ndikufotokozereni pang'onopang'ono zimene ndinaganiza kuchita, poti munkadana ndi kuuzidwa zinthu mwachidule ngati mwana. M'kati mwa kompyuta muli pulogalamu ina imene wogwiritsa ntchito saiona, koma ndi imene imagawa zonse: uyu adikire, uyu alembe apa, chosindikizira chiyankhulidwe chonchi. Dzina lake ndi kenelo. Ntchito yake ndi imene inkakhala yanu paukwati, pamene nkhuni, madzi, mapoto ndi anthu ophika zonse zinkadutsira kwa inu, alendo n'kumangoona chakudya chafika. Kenelo imene imabwera yopangiratu ndi yolemera, anaikonzera makompyuta amasiku ano, ndipo athuwa akaisenza amapuma wefuwefu. Komanso siidziwa tizipangizo takale timene timalumikiza makompyuta athu kuti aziyankhulana. Ndiye ndinati ndimange yathuyathu, yopepuka, ya msinkhu wawo.

Amene anailemba keneloyi amapereka zolemba zake kwaulere kwa aliyense. Umazitenga, n'kuyankha mafunso osawerengeka: ichi chikhalemo kapena chichoke? Ndinachotsa zonse zimene ife tilibe, n'kuwonjezera kachidutswa koyendetsa tizipangizo tolumikizira tija, kamene ndinakapeza padera. Ukatero umaiuza kompyuta kuti isandutse zolembazo kukhala chinthu chimene makina angamve. Anzathu amati kukompaila, ine ndimangoti kumanga. Pa kompyuta yamphamvu kuposa zonse imene tili nayo, ntchitoyi imayamba m'mawa n'kutha masana dzuwa litapendeka. Magetsi athu ndi a sola, mabatire anatopa kale, ndiye kukachita chiperoni imazimira panjira. Mwayi wake, mawa lake imapitiriza pamene inalekezera, sibwereza zimene yamanga kale.

Ikamamanga, mizere ya Chingerezi imathamanga pagalasi ngati linthumbu. Yambiri imangonena kuti ndamaliza ichi, ndayamba icho. Koma pali mitundu iwiri imene imabwera ndi utoto. Yofiira ndi zolakwika, ndipo ikatuluka ntchito imaima pomwepo mpaka utakonza. Yapepo ndi machenjezo. Amenewa amangoti apa sindikukhulupirira bwino, koma ntchito n'kumapitirira. Tsiku loyamba yofiira inatuluka iwiri, ndinaikonza. Yapepo inatuluka yambirimbiri, mpaka mutu unandizungulira.

Ndinaimbira mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi, pano amagwira ntchito ku Blantyre. Anaseka, nati aliyense amawaona amenewo, bola ntchito yamaliza, munthu ukamawerenga machenjezo onse ukalamba uli pampando. Anandiuza kalamulo kakafupi kowaletsa kuti asamaoneke. Ndinakalemba, ndipo galasi linayera bwinobwino. Ndisaname, ndinakondwera. Kenelo inatha, ndinaiika m'makompyuta onse, anayaka mwachangu ngati atsitsidwa katundu pamutu. Ana a folomu 3 anaombera m'manja, ine n'kumayenda monyada pakati pa madesiki.

Tsiku lachitatu imodzi inauma. Mawa lake ziwiri, koma zina, osati ya dzulo ija. Panalibe ndondomeko yake: ina imatha tsiku lonse, ina mphindi khumi. Ndinaimba mlandu fumbi, ndinapukuta. Ndinaimba mlandu mabatire, mawaya, ngakhale abuluzi amene amagona kuseri kwa makinawo. Masabata awiri anapita choncho. Ana akaweruka ndinkatsala ndekha m'chipindamo, kumangomva timafani tikulira, mpaka mlonda wa masana atagogoda kuti akufuna kutseka. Aphunzitsi anzanga ndi anthu abwino, koma ukawauza za kenelo amangoti pepani madamu, n'kubwerera ku nkhani za mpira. Kunyumba nakonso zii. Sindinasungulumwepo chotere, Amayi, ngakhale sabata ya maliro anu, chifukwa nthawi ija pakhomo panali anthu.

Loweruka lina ndinayala mphasa kuti ndisankhe manachesi, poti Lolemba kunkabwera venda. Manja anga ankangochita zimene munawaphunzitsa. Lokhala ndi chipsera chachikulu chakuda, chimene minga inakanda likadali laling'ono, ndinkaliika m'dengu labwino. Losalala, lowala, koma lokhala ndi kabowo ngati ka singano pamene kantchentche kanaboola, ndinkaliponyera mbuzi, chifukwa pakatha masiku atatu limaola n'kuoletsa anzake. Munkati, “Chipsera chimangoopseza wogula, Edina. Iwe yang'ana kadontho.” Ndipo munkatembenuza lililonse, ngakhale akhale madengu khumi. Ine ndikadandaula msana munkati, “Ukatopa dzuka ukamwe madzi, koma usandiponyere m'dengu chinthu chimene sunachiyang'ane.”

Ndinaima nalo nachesi m'manja, manyazi atandigwira ngati mwandipezerera. Kuntchito kuja ndinali nditathira zokolola zonse m'dengu nditatsinzina, n'kumadabwa kuti zikuola bwanji.

Lolemba m'mawa ndinachotsa kalamulo koletsa kaja n'kuiuza kompyuta kuti imangenso. Inangoyankha kuti zonse n'zomangidwa kale, palibe chochita. Machenjezo aja amanenedwa kamodzi kokha, pa nthawi imene chidutswacho chikumangidwa, ndipo ukapanda kumva pamenepo sabwerezanso. Kuti ndiwaonenso ndinayenera kufufuta zonse zimene zinamangidwa n'kuyambira pansi. Ndinatero, ndipo ulendo uno ndinaiuza kuti chenjezo lililonse ililembe m'fayilo kuti lisathawe. Kunali mitambo, ndiye zinatenga masiku awiri.

Kenako ndinayamba kuwerenga, limodzilimodzi, kope ndi cholembera pambali. Chingerezi cha makinawa n'chouma, sichipereka moni. Pamene sindinamve ndinkalemba m'kope, n'kupita kukaima pa chulu cha kuseri kwa ofesi pamene netiweki imagwira, kukafufuza pa foni. Machenjezo ambiri ankangonena kuti pali chinthu chinatchulidwa koma sichinagwiritsidwe ntchito, monga kupita ndi makasu atatu kumunda n'kulimira limodzi. Ena ankati kalembedwe aka n'kachikale, tsiku lina adzakasiya. Lina linadzadza theka la galasi, mizere yokhotakhota yoopsa, ndinataya nalo masana onse, mapeto ake linali chipsera chabe. Tsiku lachitatu maso anali akuwawa, ndipo mtima unkandiuza kuti otsalawa ndi omwewo, dumpha. Ndinadzuka, ndinakamwa madzi, ndinabwerera.

Ndinalipeza tsiku lachinayi, chakumapeto kwa fayilo. Mzere umodzi ndi theka, wofatsa, pakati pa anzake awiri opanda vuto. Unkachokera m'kachidutswa koyendetsa tizipangizo tolumikizira kaja, ndipo unkati pali malo ena amene akhoza kuwerengedwa musanaikidwe kanthu. Ndiye kuti kenelo inkatunga m'ndowa imene palibe anathiramo madzi, n'kutenga chilichonse chimene chinatsaliramo. Tsiku lina zotsalirazo sizipweteka. Tsiku lina zimaiuza kuti ikalembe pamalo osayenera, ndipo ikatero imaima chilili. N'chifukwa chake panalibe ndondomeko. Ndinatsegula zolembazo mosamala, poti sindinakhudzepo ntchito ya anthu ophunzira chotere. Ndinakwera pachulu kukaona ngati ena anakumana nazo, ndipo ndinapeza kuti anakonza monga ndinkaganizira: kuikamo kanthu poyamba, ndi kuona kaye ngati muli kanthu musanatunge. Mizere iwiri yokha. Ndinailemba, ndinayambitsa kumanga.

Pamene mizere inkathamanga pagalasi, ine nditapinda manja, m'pamene chinandibwerera chimene ndakhala ndikuchizemba miyezi khumi yonseyi. Ndi chimene ndalembera kalatayi, zinazi ndimangozungulira.

Chaka chatha, mwezi womwe uno, tili pamphasa, munaika m'dengu labwino manachesi atatu oboola. Inu, amene mavenda ankati dengu lanu safunika kuliyang'ananso. Ndinawatulutsa n'kukuonetsani, ndikuseka, ndinati amayi ukalamba wafika. Nanunso munaseka, munapukuta dzanja lamanzere pachitenje, munati, “Zalazi zachita dzanzi, sizikumva khungu la nachesi. N'kuziziraku.” Munanena kamodzi kokha, ndipo tinapitiriza kusankha. Patapita masabata awiri kapu ya tiyi inakupulumukani m'dzanja lomwelo, munati inali yoterera, ine ndinangotola zidutswa.

Za mawondo anu tonse tinkazidziwa. Munkawadandaula m'mawa, masana, ndi pamaso pa alendo. A Fanuel anatumiza mafuta opaka kuchokera ku Joni, Mphatso anagula ndodo imene munakana kuigwira, ine ndinkawathowa ndi madzi otentha. Mawondowo akanakufikitsani zaka zina makumi awiri mukuwanyoza. Koma mu Ogasiti ndinakupezani mutagwa pakhomo la khitchini, mbali yamanzere yonse yosagwira. Tinakwera pikapu mpaka kuchipatala cha kuboma, munakhala masiku anayi osayankhula, maso okha akunditsatira. Adokotala anandiuza mofatsa kuti magazi anu akhala akuthamanga kwambiri kwa nthawi yaitali, ndipo anandifunsa ngati munadandaulapo dzanzi kapena kugwetsa zinthu. Ndinati sindikukumbukira. Ndinanama, Amayi, ndinkakumbukira bwinobwino.

Chipatala chathu chaching'ono chili pafupi, munthu umafika phala lisanazizire. Kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kukulunga kansalu pamkono basi. Sindikudziwa ngati zikanasintha kanthu, ndipo a Nachisale amati ndisamadzizunze, tsiku la munthu likakwana lakwana. Mwina akunena zoona. Koma ine ndimadziimba mlandu, ndipo ndatopa kuubisa. Munandiphunzitsa kuyang'ana kadontho pa chipatso, kadontho kanu kanali patsogolo panga, ine ndinaseka. Masana aja, kenelo ikumangidwa, ndinaichitira nsanje kompyuta, chifukwa iyo imalola kufufuta zonse n'kuyambira pansi kuti umvenso zimene sunamve. Ndinalira m'chipindamo mpaka mlonda anabwerera pakhomo osagogoda. Pepani, Amayi.

Kenelo yatsopano ndinaiika m'makompyuta onse Lolemba la sabata yatha. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi la sukulu, ndipo palibe ngakhale imodzi imene yauma. Masiku oyamba sindinauze munthu, ndinali nditaphunzira kuti kuombera m'manja msanga kumachititsa manyazi. Ndinkangoyendayenda kumbuyo kwa ana, kugwedeza kambewa ka kompyuta iliyonse kuti ndione ngati ili moyo. Lero masana a hedi anabwera, anaima pakhomo nthawi yaitali akuonerera a folomu 3 akulemba. Potuluka anandikodola n'kunena kuti, “Madamu, kalata ija sindilemba. Konzekerani za teremu ya mawa.”

Ndiye ndikhala, Amayi. Loko sakhoma pakhomo panu. Ndinayenda mofulumira kuchoka kusukulu, nkhani ili kukhosi, ndipo nditafika pamtengo wa kuseri kwa bafa m'pamene ndinafunsa mtima wanga kuti kodi ukuthamangira kukauza ndani. Ndinamasula mbuzi, ndinawiritsa tiyi, ndinatulutsa makapu awiri mwachizolowezi n'kubwezera imodzi. Kenako ndinakhala pakhonde ndi pepalali dzuwa likadalipo.

Machenjezo sanathe ayi. Ndikamamanga amatulukabe yapepo yambiri ndithu, koma tsopano ndimawadziwa onse, ndipo lililonse lili m'kope mwanga ndi chifukwa chimene ndalisiyira. Likabwera lachilendo ndidzalizindikira. Mnzanga wa ku Blantyre uja nditamuuza anati ndili ndi nthawi yotaya, ndipo sindinalimbane naye.

Lachiwiri ndinapita kuchipatala chathu kukayezetsa. Anamwino anati magazi anga nawonso akwerako pang'ono, ndichepetse mchere ndipo ndizibwera mwezi uliwonse. Ndinaimbira Mphatso, wapita kale kukayezetsa. A Fanuel anati tidzaona, ndiye ndawauza kuti za denga asandifunsenso mpaka atayezetsa. A Nachisale dzulo akundithandiza kunyamula dengu ananena mongodutsa kuti masiku ano akaweramuka amaona tinyenyezi. Anati si kanthu, ndi njala ya m'mawa. Ndinatsitsa dengu pansi pomwepo. Anakana, anati iwe mwana wa Felesiya wayamba liti udokotala, koma mawa m'mawa tikupita limodzi kuchipatala, ndapempha kale kwa a hedi kuti ndifike mochedwa.

Loweruka ndibwera kudzasesa kwanu, ndidzadzalanso maluwa amene mbuzi za eni zinadya. Manachesi otsala ndisankha monga mwa malamulo anu, lililonse kulitembenuza, ngakhale venda aziliza hutala kumsewu. Ndimakukondani, Amayi, ndipo pakhomo pano mwasiya malo aakulu amene sindikudziwa choikapo. Chimene ndingakulonjezeni n'chimodzi: wina wa ife akadzanena kamodzi kokha, motsitsa mawu, kuti zala zachita dzanzi, ine sindidzasekanso.

Ndine mwana wanu wotsala pakhomo,
Edina